Khomo likakana katemera, foni ikhale m'thumba

Anzanga odzipereka ndi a makomiti a zaumoyo m'midzi, pali chizolowezi chomwe chikutiwonongera ntchito. Khomo likakana katemera, wina amatulutsa foni, kujambula mayi ali pakhonde, n'kuponya pa gulu la WhatsApp la m'dera, amvekere: "Taonani mbuli izi." Pofika madzulo chithunzi chafika pa Facebook, anthu akumutukwana, ena akunyoza mpingo wake. Tisiye zimenezi.

Katemera wa poliyo sitipereka kamodzi ayi. Matendawa atapezeka ndi mwana wina ku Lilongwe mu February 2022, tinayenda khomo ndi khomo maulendo angapo, kudonthezera ana madontho awiri mkamwa n'kuwapaka inki pachala. Khomo lomwe mwalinyoza lero mudzaodiranso pomwepo. Mayi amene mwamuchititsa manyazi sadzakangana nanunso. Akadzangomva kuti a zaumoyo alowa m'mudzi, adzabereka mwana kumbuyo ulendo wa kudimba. Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti mwanayo akadzafooka mwendo kapena kutuluka chikuku, adzamubisa m'nyumba poopa mawu oti "tinkakuuzani". Matenda n'kumafalikira ife osadziwa.

Akakukanani, khalani pansi, mulankhule nawo paokha, osati anansi ataunjikana. Funsani kuti, "Mayi, chikukudetsani nkhawa n'chiyani?" ndipo muwalole amalize. Ambiri ali ndi chifukwa chomveka. Wina mwana wake anatentha thupi atabayidwa kusikelo, ndipo palibe anamuuza kuti zimachitika n'kutha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Wina anamvera uthenga wa pa foni woti katemera amatseka mimba. Winanso akufuna ndithu, koma bambo a m'nyumba analetsa. Kumukalipira ameneyu n'kumusenzetsa mtolo wa eni. Funsani nthawi yomwe bambowo amapezeka, mudzabwerenso.

Ngati ndi za chipembedzo, musayambe kulimbana nawo pa mavesi. Dzerani kwa amfumu ndi kwa atsogoleri a mpingowo, mwaulemu.

Khomolo lilembeni m'kaundula, muuze okuyang'anirani, basi. Dzina la banja lisatuluke. Dziwaninso kuti lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuzunza munthu pa intaneti. Wina akaponya chithunzi pa gulu lanu, mupempheni achifufute, kenako inu muyankhe bodza lomwe likuyendalo osatchula munthu, munenenso tsiku ndi malo a katemera.