Mtsikana wakula koma sakusamba: mmene mungamuthandizire ngati ndi AIS

Mtsikana akafika zaka 15 mabere atamera bwino, koma msambo osaoneka, tsitsi la m'khwapa ndi kumalo obisika lili lochepa kapena palibe, pitani naye kwa dokotala wa matenda a amayi. Mwina ndi androgen insensitivity syndrome, mwachidule AIS. Makromozomu ake (tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa cha munthu) ndi XY, monga a mwamuna, koma thupi silimvera homoni yachimuna ya testosterone, choncho anakula ngati mkazi. Chiberekero alibe, ndipo machende anabisala m'mimba kapena m'mphechepeche. Kwa ena zimadziwika ali khanda, pochita opaleshoni ya chotupa cha pamalopo.

Pemphani sikani ya m'mimba, kuyeza mahomoni m'magazi ndi kuyeza makromozomu.

Musathamangire kuchotsa machendewo. Ndi amene amakulitsa mabere ndi kulimbitsa mafupa, n'chifukwa chake madokotala ambiri amadikira kuti athe msinkhu, asankhe yekha. Machendewo akachotsedwa, mtsikanayo azimwa homoni yachikazi ya estrogen mosadumphitsa, apo ayi mafupa amafooka. Njira ya abambo ikakhala yaifupi, amaitalikitsa pang'onopang'ono ndi timapulasitiki ta kuchipatala.

Muuzeni zoona, modekha, muli awiri. Sangatenge pathupi, koma ndi mkazi ndithu, ndipo si ufiti. AIS imayenda kuchikazi, choncho abale ake aakazi amene sakusamba ayezedwenso.