Musathamangire zikwere za waya, thadzi limafuna kupalasa

Alimi anzanga, ambiri mwa inu amene mukuyamba kuweta nkhuku zoikira mazira mwakopeka ndi zikwere za waya zosanjikiza zija za m'mafamu akuluakulu. Sindikana, ubwino ulipo: malo ochepa amalowa nkhuku zambiri, ndipo mazira sadetsedwa ndi zitosi. Koma taonani mmene thadzi limakhalira m'menemo. Malo ake sakwana n'komwe pepala la A4. Silitambasula mapiko, silipalasa, ngakhale dzira limaikira pa waya. Mafupa amafooka chifukwa chosayenda, zikhadabo n'kumangotalika mpaka kupindika. N'chifukwa chake mayiko a European Union analetsa zikwere zothina zoterezi kuyambira mu 2012. Kwa ine, kuzunza chiweto chimene chikukulipirirani ana sukulu si ulimi wabwino.

Mangani khola la pansi lolowa mpweya bwino. Yalani utuchi kapena mankhusu a mpunga okhuthala masentimita 10 mpaka 15, ndipo muzitembenuza kuti asaumbike. Mukalowa m'khola maso n'kuyamba kuwawa ndi fungo, dziwani kuti nkhuku zayamba kale kuvutika, chotsani ponyowa ponse. Pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi musaikepo nkhuku zoposa 6. Zikathithikana zimajomphana mpaka kutulutsana magazi, ndiye ena amathamangira kuzidula milomo pomwe vuto ndi kuchepa kwa malo. Ikani chisa chimodzi pa nkhuku 5 zilizonse, m'mbali mwa mdima pang'ono, komanso mitengo yopingasa yoti zizigonapo usiku.

Kunja kukhale bwalo lotchinga, lamthunzi, kuti mphamba ndi agalu asapeze mpata. Pakona thiranipo mchenga wosakaniza ndi phulusa. Nkhuku ikamagubuduka m'menemo si masewera ayi, ikuchotsa utitiri ndi nsabwe.

Ngati ndalama ya chakudya chogula ndi yochepa, yambani ndi nkhuku za Mikolongwe. Siziikira ngati zachizungu, koma zimapirira ndipo zimadzifunira zina pabwalo.

Maantibayotiki, mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda, musawasandutse ndiwo za tsiku ndi tsiku m'madzi akumwa. Tizilombo timawazolowera, mawa mwana akadwala mankhwala sagwira. Perekani pokhapokha mlangizi wa ziweto atawona nkhukuzo, ndipo dikirani masiku olembedwa pa paketi musanagulitse mazira. Chimene simuyenera kuphonya ndi katemera wa chitopa. Wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, miyezi 4 iliyonse, kwa nkhuku zonse mpaka anapiye.