Mmene mungafufuzire mbiri ya nyuzipepala ya Dong-A Ilbo ngakhale simudziwa Chikoreya

Nyuzipepala ikamasimba mbiri yake imasankha masiku oti ikumbukire, ndipo Dong-A Ilbo ya ku Seoul, ku South Korea, nayo imatero. Ubwino wake ndi woti masamba ake a kuyambira 1920 mpaka 1999 ali pa intaneti, pa Naver News Library, ndipo kuwaona n'kwaulere. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa utolankhani ndimawauza kuti asiye kaye zimene ena analemba, akatsegule masamba eni akewo. Njira yake ndi iyi.

Gwiritsani ntchito kompyuta, chifukwa pa foni tsambalo limapanikizika ndipo bandulo imatha msanga. Polemba tsiku, a ku Korea amayamba ndi chaka, kenako mwezi, n'kumalizira tsiku, monga 1936.08.25. Masamba akale analembedwa kuchokera pamwamba kupita pansi, mizere ikuyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo zilembo za Chikoreya, zotchedwa Hangul, n'zosakanizika ndi za Chitchaina. Mukadina pa nkhani, mawu ake amatuluka pambali ndipo pali posinthira zilembo za Chitchainazo kuti zikhale za Hangul. Zikatero jambulani mawuwo muwapatse Papago kapena Google Translate. Chikoreya cha zaka za m'ma 1920 chimawavuta makinawa. Adzakuuzani kuti nkhani ikukamba za chiyani, koma musatengepo mawu n'kumati ndi mmene munthu analankhulira.

Yambirani pa 1 Epulo 1920, tsiku limene nyuzipepalayi inatuluka koyamba. Nthawi imeneyo Korea inali m'manja mwa Japan kuyambira 1910. Zionetsero za pa 1 Malichi 1919 zitagwedeza atsamunda, bwanamkubwa watsopano Saito Makoto anafewetsako ulamuliro n'kulola nyuzipepala zochepa za eni dziko. Chosun Ilbo inayamba pa 5 Malichi 1920, Dong-A n'kutsatira, motsogozedwa ndi Kim Seong-su, mwana wa banja la minda yambiri. Chilolezo chinachokera kwa atsamunda omwewo, ndipo zimenezi muzizikumbukira pa tsamba lililonse la zaka 20 zotsatira.

Kenako lumphani mufike pa 25 Ogasiti 1936. Masabata awiri m'mbuyomo, pa 9 Ogasiti, Sohn Kee-chung anali atapambana mpikisano wa marathon pa masewero a Olympic ku Berlin. Anathamanga m'dzina la Japan, atalembedwa kuti Son Kitei, mbendera ya Japan ili pachifuwa. Mtolankhani wa zamasewero Lee Gil-yong anapempha wojambula Lee Sang-beom kuti afute mbenderayo pa chithunzi, ndipo chinatuluka choncho. Apolisi anagwira antchito angapo, nyuzipepala inaimitsidwa. Inu yesani kutsegula tsiku lililonse la mu Okutobala 1936 kapena Malichi 1937: mulibe kanthu, mpaka Juni 1937. Dziwaninso kuti nyuzipepala ina, Chosun Joongang Ilbo, yotsogozedwa ndi Yo Un-hyung, inali itafuta kale mbenderayo pa 13 Ogasiti, ndipo iyo sinadzukenso.

Apa mpamene ambiri amatsekera kompyuta, atakhutira kuti apeza ngwazi. Musatseke. Tsegulani masamba a 1938, 1939 ndi 1940, makamaka a chaka chatsopano, ndipo mupezamo nkhani zolemekeza mfumu ya Japan ndi zochemerera nkhondo yake ku China. Kugonja konseko sikunaipulumutse, poti pa 10 Ogasiti 1940 atsamunda anatseka Dong-A ndi Chosun tsiku limodzi. Za Kim Seong-su mwini wake, amene anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa South Korea mu 1951, bungwe la boma lofufuza anthu othandiza atsamunda linamuika pa mndandanda wake mu 2009, khoti lalikulu linavomereza mu 2017, ndipo mendulo yake yaulemu inalandidwa mu 2018.

Japan itagonja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kuchoka ku Korea, Dong-A inabwerera pa 1 Disembala 1945, ndipo mwezi usanathe inalemba nkhani imene akatswiri a mbiri akuikambabe. Onani tsamba loyamba la pa 27 Disembala. Linati pa msonkhano wa nduna za America, Britain ndi Soviet Union ku Moscow, dziko la Soviet Union likufuna kuti Korea iyang'aniridwe ndi maiko ena, pamene America ikufuna ufulu wa pompopompo. Zoona zinali zosiyana, poti ganizo loyang'anira Korea linali lochokera ku America. Mkwiyo umene unabuka unakulitsa chidani pakati pa magulu a ndale m'dziko logawika kale.

Masamba amene ndimawakonda koposa ndi a kumapeto kwa 1974, ndipo pamenepa musafulumire. Pulezidenti Park Chung-hee ankalamula ndi malamulo okhwima a Yushin, akazitape a boma a KCIA akumalowa m'zipinda za akonzi ngati kwawo. Pa 24 Okutobala atolankhani a Dong-A analengeza poyera kuti akukana kulowereredwa ndi anthu akunja kwa nyuzipepala. Boma silinatseke nyuzipepalayo. Linaopseza makampani otsatsa malonda, iwo n'kuchotsa malonda awo. Tsegulani 26 Disembala 1974 muyang'ane m'munsi mwa masamba, mmene mumakhala zotsatsa: muli mbee. Tsopano muziyenda tsiku ndi tsiku kulowa mu Januwale ndi Febuluwale 1975. Malo oyerawo akuyamba kudzaza ndi timabokosi ting'onoting'ono togulidwa ndi anthu wamba, ana asukulu, azibusa, ogwira ntchito, ambiri osalemba maina awo enieni poopa kugwidwa, aliyense ndi mzere umodzi kapena iwiri yolimbikitsa atolankhani. Timawu timeneti n'tafupi ndipo Papago amatimasulira bwino kuposa nkhani zazitali. Ngati nthawi ndi yochepa, ithereni pamenepa.

Mathero ake ndi owawa. Eni nyuzipepala anagonja, ndipo m'bandakucha wa pa 17 Malichi 1975 atolankhani ndi antchito a wailesi amene anadzitsekera m'nyumba ya kampani anatulutsidwa mokakamiza. Oposa 100 anachotsedwa ntchito. Yerekezerani mmene nyuzipepala inalembera nkhaniyi m'masiku amenewo ndi mmene inkalembera miyezi itatu m'mbuyomo, muona nokha kuti cholembera chasintha dzanja. Wailesi yawo ya DBS inadzalandidwa ndi boma la Chun Doo-hwan mu 1980 n'kuphatikizidwa ku wailesi ya boma ya KBS.

Mu Januwale 1987 Dong-A inaonetsanso mano. Wophunzira wa pa Seoul National University, Park Jong-chul, atafera m'manja mwa apolisi, JoongAng Ilbo ndiyo inayamba kulengeza za imfayo pa 15 Januwale, koma Dong-A inakakamira kulemba za kuzunzidwa kwake, ndipo nkhaniyi inali imodzi mwa zimene zinachititsa anthu kuchita zionetsero m'misewu mu Juni. Werengani masiku apakati pa 16 ndi 20 Januwale motsatizana. Masiku amenewo inali nyuzipepala ya madzulo, inasamukira ku m'mawa mu 1993.

Chomaliza, sinthani dzina la nyuzipepala pa Naver pomwepo musankhe Hankyoreh ya pa 15 Meyi 1988. Inayambitsidwa ndi atolankhani ochotsedwa ntchito ku Dong-A ndi ku Chosun, ndi ndalama zosonkhedwa ndi anthu pafupifupi 27,000, ndipo mkulu wake woyamba anali Song Kun-ho, amene anatula pansi udindo wa mkonzi wamkulu wa Dong-A mu 1975. Iikeni pambali pa Dong-A ya sabata yomweyo. Hankyoreh ili m'zilembo za Hangul zokhazokha, zolembedwa chopingasa, pamene Dong-A inadikira mpaka 1998 kuti isiye kulemba chotsika. Lero a ku Korea amaitchula Dong-A pamodzi ndi Chosun ndi JoongAng m'dzina limodzi loti Chojoongdong, kutanthauza nyuzipepala zitatu zazikulu zosafuna kusintha zinthu, ndipo kuyambira 2011 ilinso ndi kanema wa Channel A.

Amene mungafike ku Seoul, nyumba yakale ya Dong-A ya 1926 ikadalipo ku Gwanghwamun. Pano muli Ilmin Museum of Art, ndipo m'mwamba mwake muli Presseum, malo osungirako zakale za nyuzipepala.