Momwe mungawerengere bilu yokhudza zotsalira za mimba yochotsedwa m'zigawo za America

Kuyambira mu 2015, nyumba za malamulo za zigawo zingapo ku America zakhala zikukambirana mabilu onena za zomwe chipatala chiyenera kuchita ndi zotsalira za mimba ikachotsedwa, komanso malipoti omwe madokotala ayenera kutumiza ku boma. Amene akukhala m'zigawo zotere, monga Amalawi a ku Indiana ndi ku Texas, angathe kutsatira nkhaniyi motere.

Choyamba, dziwani ngati chomwe chikukambidwacho ndi bilu ya aphungu kapena ndi ndondomeko yolembedwa ndi nthambi ya zaumoyo. Ku Texas nkhaniyi inayamba mu 2016 ngati ndondomeko yosindikizidwa mu Texas Register, chikalata chomwe boma la chigawocho limalengezeramo ndondomeko zake, ndipo mu 2017 ndi pamene aphungu anaiika m'lamulo lotchedwa SB 8. Bilu mumaipeza pa tsamba la intaneti la nyumba ya malamulo polemba nambala yake.

Chachiwiri, pitani pagawo lomwe likufotokoza za anthu ndi malo omwe lamulo likuwakhudza. Gawoli ambiri amalidumpha, chonsecho ndi pomwe pagona nkhani. Lamulo la ku Texas linkakhudzanso mayi amene wapita padera ali m'chipatala, ngakhale kuti wopita padera ali kunyumba silinkamukhudza. Izi zikutanthauza kuti banja lomwe silinaganizepo zochotsa mimba likanatha kukumana nalo pa tsiku la chisoni. Onaninso ngati lamulo likuyamba kugwira ntchito mimba ikafika masabata angapo kapena likukhudza mimba ya msinkhu uliwonse.

Chachitatu, onani njira zomwe zikuloledwa. Kale zipatala zinkatentha zotsalirazi pamodzi ndi zinyalala zina za kuchipatala, koma lamulo la ku Indiana la HB 1337, lomwe Mike Pence anasainira mu 2016 ali bwanamkubwa, linati ziziikidwa m'manda kapena kutenthedwa monga amatenthera mitembo, ndipo linasiya mayi ali ndi ufulu wosankha yekha chochita nazo. Apa funsani kuti alipire ndani, chifukwa bilu ikakhala chete pa za ndalama, chipatala chingathe kuwonjezera mtengowo pa ndalama zomwe wodwala amalipira.

Chachinayi, werengani mofatsa za malipoti: zomwe zizilembedwa, amene azilandira, ndiponso ngati dzina la mayi kapena dera lomwe amakhala zingadziwike. Ngati bilu ikukambanso za kugulitsa ziwalo zochokera pa mimba yochotsedwa, kumbukirani kuti lamulo la dziko lonse la 1993 linaletsa kale malonda otere, choncho bilu yongobwereza zimenezi siikubweretsa chachilendo.

Chachisanu, fufuzani zomwe makhoti anagamula. Mu 2018 woweruza David Ezra anaimitsa lamulo la ku Texas, koma mu 2019 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linavomereza gawo la lamulo la ku Indiana lonena za kuika m'manda.

Pomaliza, ngati muli ndi maganizo, alembereni komiti yomwe ikuunika biluyo kapena nthambi ya zaumoyo tsiku lotsekera ndemanga lisanafike, ndipo m'kalatamo tchulani nambala ya bilu ndi ndime yeniyeni yomwe mukuivomereza kapena kuikana.