Linki si pepala: chenjerani ndi zikalata zochokera kumudzi pa imelo

Abale anga a ku Joni, ku UK ndi kwina konse, ndikunena nanu amene mumatuma anthu kumudzi kuti akusikanireni mapepala. Imelo ikafika, muziyamba mwaona ngati fayiloyo yabwera yeniyeni kapena angokupatsani linki. Kusiyana kwake kukhoza kukutayitsani ntchito.

Gmail salola kutumiza mafayilo oposa 25 MB mu imelo imodzi. Akaposa pamenepo, amawaika mu Google Drive ya wotumizayo, kwa inu n'kungofika linki. Apo ndiye kuti pepala lanu lili m'nkhokwe ya eni ake. Akalifufuta, linki yafa. Akapanda kukutsegulirani, mungoona mawu akuti "Request access" basi.

Ine anandipweteka ndi ajenti wina wa pa boma la Kasungu, wa kashopu ka fotokope ndi sikani. Kuntchito kuno ku Johannesburg ankafuna setifiketi yanga ya MSCE, kalata ya ku polisi ndi makalata a kumene ndinagwirako kale. Ndinatumiza ndalama pa Mukuru. Mlongo wanga anasiya fodya pa shedi, kukwera minibasi ku Santhe, mapepala atakulunga m'jumbo kuopa mvula. Mkuluyo anasikana tsamba lililonse ngati chithunzi chachikulu, zonse pamodzi n'kupitirira malire aja. Kwa ine kunafika linki yotseka.

Nditamuimbira anati netiweki. Mawa lake anati magetsi. Kenako anayamba zoti "bwana, onjezeraniko ya bando kuti ndikutsegulireni", chonsecho kutsegulako n'kungodina kamodzi. Munthu uli kutali, tsiku lomaliza layandikira, ungatani? Ndinalipira. Anatsegula, ine n'kupereka linkiyo kwa abwana usiku womwewo. Pamene a ku ofesi ankati aone, fayilo kunalibe. Yankho lake linali loti Drive yake inadzaza, ndiye "anachotsako zakale". Mapepala a munthu, osatha ndi sabata yomwe, akuti zakale! Mlongo wanga atabwererako anapeza patsekedwa, ndipo ntchito ija anapatsa wina. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti mu Drive imeneyo munali mapasipoti ndi ziphaso za anthu enanso, ndipo iye ankachita nazo mmene wafunira.

Ndiye tamverani. Wosikanayo muzimuuza kuti apange PDF, asakweze kwambiri ukulu wa chithunzi, 150 kapena 200 dpi zimawerengeka bwinobwino. Chikalata chilichonse chikhale fayilo yake, ngati zachuluka atumize maimelo awiri kapena atatu. M'bale wanu asachoke pashopupo, ndipo asalipire, mpaka inu mutatsegula ndi kusunga zonse mufoni. Zikavuta, atumize pa WhatsApp ngati document, osati ngati chithunzi, poti chithunzi amachifinya zilembo n'kumaoneka mbuu.

Linki ya munthu wina musamaipereke ku ofesi. Maofesi ena satsegula n'komwe malinki, ena malire awo ndi ochepa kuposa a Gmail. Werengani zimene alemba, osangoponya.

Pasiwedi ya imelo yanu musapatse ajenti, ngakhale anene kuti "ndingokuikirani mu Drive yanu". Ayi ndithu. Komanso mukaika pasipoti mu Drive, musasankhe "Anyone with the link", chifukwa aliyense amene linkiyo yamufika atha kuona. Lembani imelo ya munthu amene mukufuna kuti aone, akamaliza mutsekenso.

Nanunso malo anu ali ndi polekezera. Google amapereka 15 GB yaulere, ndipo Gmail, Drive ndi Google Photos zimadyera pamodzi pamenepo. Mavidiyo a chinkhoswe ndi a unveiling mukaunjika, malo atha, maimelo atsopano amasiya kulowa, inu n'kumati abwana sanayankhe.  Zimene mwafufuta mu Drive zimakhala mu Trash masiku 30 zikudyabe malo, choncho muzikhuthulanso m'menemo. Akaunti yakale imene munasungiramo mapepala muziilowako, poti Google atha kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Kope ina ya mapepala anu muike pa flash, ina musiyire m'bale amene mumamukhulupirira kumudzi.