Ntchito ya pagulu: wina asamadye thukuta la anzake

Aphunzitsi ambiri mudaziwonapo izi. Mwagawa ophunzira m'magulu, mwawapatsa masabata atatu. Tsiku lopereka ntchito, pachikuto pali mayina asanu, koma mukafunsa funso akuyankha ndi mtsikana mmodzi yekha, maso ali psuu chifukwa chosagona. Awiri angoti zyoli. Wina lipotilo akuliwona koyamba lili m'manja mwanu.

Musafulumire kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Vutoli ndi lakale. Max Ringelmann, katswiri wa zaulimi wa ku France, adayesa anthu powakoketsa chingwe, ndipo zomwe adasindikiza mu 1913 zidasonyeza kuti gulu likamakula, mphamvu zomwe aliyense amaikapo zimachepa. Mu 1979 Bibb Latané, katswiri wa za maganizo ndi khalidwe la anthu wa ku America, ndi anzake adapeza zomwezo atauza anthu kuti afuule ndi kuwomba m'manja. Munthu akadziwa kuti khama lake silidziwika, amagwira mwamphwayi. Mankhwala ake ndi amodzi: gawo la aliyense lizioneka.

Yambirani pa kukula kwa gulu. Atatu kapena anayi akwana. Akafika asanu ndi awiri, pobisala pachuluka. Pamsonkhano woyamba alembe papepala kuti ndani achita chiyani, amaliza liti, ndipo wina akajomba kawiri achita naye bwanji. Pepala limodzi asunge iwo, lina musunge inu.

Sabata yachiwiri adzakupezani: "Aphunzitsi, tisinthireni gulu, sitikumvana." Apa m'pomwe ambiri timalakwitsa. Bruce Tuckman, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, adafotokoza mu 1965 kuti gulu limakula m'magawo. Poyamba anthu amachitirana manyazi, kenako amakangana, akatero amaika malamulo awo, ndiyeno ntchito imayamba kuyenda. Mkanganowo ndi mbali ya kukula. Mukawabalalitsa pamenepo, gulu latsopano liyambiranso pa manyazi paja, masiku akutha. Khalani nawo mphindi khumi, tulutsani pepala lija, aliyense anene pomwe wafika. Kusintha gulu kusungireni pomwe pali chipongwe kapena nkhanza.

Komanso si aliyense wokhala chete amene ali waulesi. Ena adalankhulapo tsiku loyamba, anzawo n'kuwaseka, basi n'kutseka pakamwa mpaka kalekale. Ndipo wakhama uja, amene timakonda kumumvera chisoni, nthawi zina ndiye mwini vuto. Amalanda ntchito yonse, amvekere, "Ndisiyeni ndilembe ndekha, mundiwonongera malikisi," mawa lake n'kumadandaula kuti palibe womuthandiza. Ameneyu muyitanireni pambali. Mupatseni udindo wowona ntchito ya anzake n'kuwauza pofunika kukonza, koma asawalembere.

Malikisi musapereke ofanana kwa onse. Ena akhale a gulu, ena a munthu payekha, ndipo muwauze zimenezi ntchito isanayambe. Pakatikati pa ntchitoyo aliyense alembe mwachinsinsi zomwe anzake achita. Osadikira kumapeto, nthawi yokonza itatha. Ngati akulembera pa Google Docs, pulogalamu yolembera limodzi pa intaneti, mbiri ya chikalatacho imasonyeza amene adalemba chiyani, ngakhale siyisonyeza amene adabweretsa ganizo pokambirana, choncho musaidalire yokha.

Tsiku lofotokoza pamaso pa kalasi, wolankhula musankhe ndinu, ndipo mumufunse za gawo lomwe sadalembe iye. Achenjezeni kuyambira tsiku loyamba kuti mudzatero.