Mutu wopweteka pambuyo pa jakisoni wa pamsana: malangizo kwa Amalawi okhala mu Johannesburg

Amayi ambiri amene amabereka kudzera pa opaleshoni m'zipatala za Rahima Moosa, Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath sagonetsedwa tulo, koma amabayidwa jakisoni pamsana amene amachititsa dzanzi kuyambira pamimba mpaka kumapazi. Singano imalowanso pamalo omwewo madokotala akafuna kutenga madzi a mumsana kuti ayeze matenda oumitsa khosi. Ambiri amachira popanda chovuta, koma ena amamva mutu wa mtundu wake, umene nthawi zambiri umayamba pakapita tsiku limodzi kapena awiri, mwina munthu atatuluka kale m'chipatala.

Mutu umenewu uli ndi chizindikiro chimene aliyense angachione ali kunyumba. Mayi akadzuka kuti ayamwitse kapena akaimirira kupita kubafa, ululu umabwera pamphumi kapena pankhongo n'kutsikira m'khosi ndi m'mapewa, koma akagona chagada umachepa pakangopita mphindi zochepa. Ena amachita nseru, m'makutu mumalira, ndipo kuwala kwa nyale kumawapweteka m'maso. Chifukwa chake n'chakuti ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana zimakhala m'thumba la madzi okwana mamililita pafupifupi 150, ndipo kabowo kamene singano yasiya kakachedwa kutsekeka, madziwo amadontha mofulumira kuposa mmene thupi likuwabwezeretsera. Munthu akaimirira, ubongo umatsikira pang'ono n'kukoka timitsempha tomva ululu. August Bier, dokotala wa ku Germany amene anayambitsa jakisoniyu mu 1898, anadwala mutu womwewu atalola kuti amuyesere pamsana pake. Masiku ano vutoli lachepa chifukwa cha masingano opyapyala osongoka ngati pensulo, amene amalekanitsa minofu m'malo moidula, ngakhale amayi achitsikana amene angobereka kumene akadali m'gulu la amene limawagwira kwambiri.

Kunyumba, gonani pamene mutu wakula, imwani madzi monga mwa masiku onse, ndipo imwani Panado mosapyola mlingo wolembedwa pa paketi. Khofi ndi tiyi wamasamba amachepetsa ululu kwa kanthawi chifukwa muli kafeini, koma woyamwitsa asapitirire makapu awiri a khofi patsiku. Tiyi wa rooibos, amene ambiri tinamuzolowera kuno, alibe kafeini, choncho pa vuto ili sathandiza. Chenjerani ndi ufa wa Grand-Pa umene timathamangira kugula m'mashopu a spaza: muli aspirin, amene sayenera mayi woyamwitsa kapena wa bala latsopano popanda dokotala kuvomereza, ndiponso muli mankhwala omwe aja a mu Panado, moti womwa zonse ziwiri angapyole mlingo osadziwa. Bambo kapena m'bale anyamule ntchito za pakhomo masiku amenewa, chifukwa mayi amene sangakhale tsonga sangathe kusambitsa khanda yekha.

Mwa anthu ambiri mutuwu umatha wokha pasanathe milungu iwiri, koma kupirira mwakachetechete si nzeru. Ngati ukukulepheretsani kusamalira mwana, bwererani kuchipatala chimene munabayidwira, mutenge khadi lanu, ndipo munene momveka tsiku limene munabayidwa komanso kuti mutu umakula mukaimirira ndi kuchepa mukagona. Mawu amenewa amathandiza anamwino kuti akutumizeni kwa dokotala wa zogonetsa odwala. Iye angathe kutenga magazi anu omwe pamkono, mamililita pafupifupi 20, n'kuwabaya pafupi ndi kabowo kuti aundane ndi kukatseka. Ambiri amapeza mpumulo tsiku lomwelo, ndipo ena amafunika kubwereza.

Si mutu uliwonse wobwera pambuyo pa jakisoni umene ndi wa jakisoni. Ngati mutu sukusintha ngakhale mutagona, thupi latentha, khosi lauma gwa, maso akuona zinthu ziwiriziwiri, mwendo kapena dzanja lafooka, munthu akusokonekera kapena wakomoka, musadikire kuti kuche. Mwa mayi amene wangobereka, zimenezi zingasonyeze kuthamanga kwa magazi koopsa, kumene kumatha kuyamba mwana atabadwa kale. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 kuitana ambulansi. Amene mapepala awo sali bwino adziwe kuti gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi.

Kwathu kuli mantha akuti kuchotsa madzi a mumsana kumapha, ndipo mantha amenewa tawoloka nawo mtsinje wa Limpopo. Zoona zake n'zakuti amene amayezedwa motere amakhala atadwalika kale, ndipo nthawi zambiri chimene chimawapha ndi matenda amene achedwa kupezeka. Kwa wodwala matenda oumitsa khosi a cryptococcus, amene amagwira kwambiri anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, madzi amachuluka m'mutu, ndipo kuwachotsa mobwerezabwereza ndi mbali ya chithandizo chenicheni. Wodwala wotere mutu ukayambiranso atatuluka m'chipatala, abale amubweze tsiku lomwelo.